Maola a Chipata cha ku Chivwati

Limbikani Kamwendo anatuluka mumsonkhano ku Bolero nthawi itapitirira naini koloko usiku, matola opita ku Mwazisi atatha kalekale. Pa siteji panali akabaza atatu, koma atangomuzindikira, onse atatu anapezeka kuti matayala awo aphwa. Kuno ku Nkhamanga nkhani imathamanga kuposa njinga.

"Khalani nazo njinga zanuzo!" anatero Limbikani. "Miyendo ndili nayo."

Anakwapatira fayilo yake, n'kukhudza thumba la jekete kuti amve ngati kiyi wa chipata analimo, kenako analowa mumsewu wafumbi. Makilomita asanu ndi awiri ankamudikira, ndipo mphepo ya mu Juni yotsika ku Nyika inkaluma makutu. Iye sanaimve n'komwe. Munthu amene mtima ukuwira safuna juzi.

Limbikani anali wa ku Ntcheu. Khonsolo inamutumiza kuno miyezi isanu m'mbuyomo kuti adzayang'anire Famu ya Chivwati, famu yakale imene anaiyamba mzungu wina wa fodya nthawi ya atsamunda. Mzungu atapita anaitenga akuluakulu a nthawi ya chipani chimodzi. Matipate atabwera inasanduka ya makoswe ndi chiswe, mpaka khonsolo inaganiza zoikonza kuti ana a sukulu ndi alendo azidzaona zigafa zakale, ngolo za ng'ombe ndi thirakitala yadzimbiri imene inasiya kulira Limbikani asanabadwe. Anazungulizako waya, n'kuika chipata chachitsulo. Kenako kunabwera kalata youza woyang'anira kuti akhazikitse maola otsegulira anthu ndi kuwalemba pachikwangwani. Kalatayo sinatchule maola ake. Anawasankha yekha Limbikani: eyiti koloko m'mawa mpaka folo koloko madzulo, osawonjezerapo ngakhale mphindi.

Tsoka lake, waya uja unameza ndi manda omwe. Kuseri kwa zigafa, pansi pa mitengo ya bulugamu, kunagona anthu amene anakalambira pa ntchito ya pafamupo, ndipo ana awo anali akadali m'midzi yozungulira. Ndiye Lachiwiri kunamwalira mayi wina wachikulire, Ida NyaKumwenda, amene malo ake ankadziwika ndi mudzi wonse: pambali pa mwamuna wake, m'kati mwa waya. Maliro anali oika Lachisanu, mawa lake la usiku umenewu. Lachisanu lomwelo, teni koloko, n'pamene akuluakulu ankabwera ndi magalimoto kudzatsegulira famuyo, ndipo Limbikani, amene anali wongogwirizira udindo, ankadziwa kuti akakasangalala nazo amukhazika pampando.

Msonkhano wa komiti ya famu unali wa nkhani imeneyi, ndipo unadya maola atatu. Amock Mhango, mwana wa malemuyo, mphunzitsi komanso mkulu wa mpingo, anaimirira atagwira chipewa m'manja.

"A Kamwendo, tithandizeni kumvetsa," anatero. "Adzukulu amakumba mbandakucha. Mwati chipata n'chotseka mpaka eyiti. Tati chabwino, tikumba ndi kuika masana. Mwati masana ndi a alendo, sangadule riboni uku akumva nyimbo za maliro. Tati madzulo. Mwati folo koloko mwatseka. Sono amama tiwaike nthawi yanji?"

"Kawaikeni kumanda a kumudzi," anayankha Limbikani. "Dothi ndi limodzi."

Azimayi a mukomiti anagwira pakamwa. Amock anavala chipewa chake m'kalasi momwemo, chinthu chimene sanachitepo pamaso pa anthu.

"Dothi ndi limodzi kwa munthu amene alibe wake pansi pano," anatero.

"Ndikatsegula lero chifukwa cha maliro, mawa mubwera ndi mbuzi, mkuja ndi nkhwangwa zodulira nkhuni! Lamulo ndi lamulo!"

Mawu amenewa ndi amene Limbikani ankawabwereza tsopano mumsewu, n'kumawonjezerapo ena okoma amene sanabwere pa nthawi yake, pajatu mayankho akuthwa amafika mkangano utatha. Anthu osathokoza! Ndani anagwetsa zulu m'zigafa zija? Ndani anakolopa ndowe za mileme m'nyumba ya mzungu? Iwo zaka zonsezi ankangozula malata ndi kuswa mawindo, lero akuti famu ndi ya makolo awo. Ndipo akafuna kumunena ankatembenukira ku Chitumbuka, ngati iye ndi chitsa.

Chitumbuka chomwecho anawaonetsa kuti amachitha. Chikwangwani analemba yekha ndi penti, madzulo atatu, m'Chingerezi, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka. A Laws Nyirenda, ahedi opuma pantchito, anadzipereka kuti aoneko mizere ya Chitumbukayo, koma iye anawabweza. "Miyezi isanu ndili kuno, bambo. Chitumbuka ndi Chichewa chopindika basi." Anachikhoma pachipata masana a tsiku lomwelo, n'kuchiphimba ndi nsalu yoyera yomanga ndi chingwe, kuti mlendo wolemekezeka adzavundukule yekha. Za safunsa amene anadya phula anaziphunzira kusukulu ngati wina aliyense, koma ankaziona ngati nkhani za anthu ena.

Anadutsa nyumba zomaliza. Kumanzere, chapatali m'mudzi, kunkamveka nyimbo za pamaliro, mawu a azimayi akukwera ndi kutsika ndi mphepo. Zinamukwiyitsanso. Ankaona ngati akuimbira iye.

Msewu unalowa m'minda ya fodya yokololakolola, mapesi ali njo mbali zonse. Mwezi unali wochepa. Anatulutsa foni kuti aunikire, ndipo inangophethira kamodzi n'kuzima, chonsecho anaitchaja masana ku Bolero. Anaitukwana, n'kuibwezera m'thumba.

Nyimbo zija zinaleka. Osati pang'onopang'ono, ayi. Zinangoduka pakati pa mawu.

Agalu nawo anali chete. Ngakhale nkhululu.

Kenako anamva mapazi kumbuyo kwake. Phwa... phwa... phwa... Kulira kwa majombo akuluakulu, okulira mwini wake.

Anaima. Mapazi anaima.

Anacheuka. Msewu unali mbee, wopanda munthu.

Anayambanso kuyenda, mofulumirako. Phwa... phwa... Fungo linamupeza, la fodya wa m'chigafa losakanikirana ndi dothi lonyowa. Dothi lonyowa mu Juni? Mvula inasiya mu Epulo!

"Monire."

Limbikani analumpha. Moni wa Chitumbukayo sanachokere kumbuyo. Anali pambali pake penipeni.

Anali mdala wamtali, wowonda, wovala chikhoti chakhaki chofika m'mawondo ndi majombo. Paphewa anasenza khasu. Dzanja limene linagwira mpini linalibe zala ziwiri. Ankayenda naye limodzi, phazi ndi phazi, maso ali kutsogolo.

Ataona khasulo, mantha a Limbikani anasanduka ukali. Basi! Mmodzi wa adzukulu! Amutuma kuti akadule waya usiku!

"Wakutumani Amock eti?" anakalipa. "Kamuuzeni kuti waya uja ndi wa boma. Woudula akagona kupolisi!"

"Amock sanganditume ine," anatero mdalayo.

"Nanga mukupita kuti ndi khasu usiku uno?"

"Kukakonza pofikira mlendo. Abwera mawa. Ndamudikira chomene."

"Alendo a mawa ndi anga, ndipo ndakonza kale. Famu n'njotseka!"

"Yayi. N'njotsegula."

 Limbikani anawonjeza liwiro kuti amusiye, koma mdalayo sanatsale. Anachepetsa kuti amudutse, mdalayo sanadutse. Nyumba ya Limbikani inali kupitirira famu pang'ono, ndipo njira inali imodzi yomweyo, yodutsa pachipata. Anayenda choncho mpaka mitengo ya bulugamu inaoneka bii kutsogolo.

Atafika pachipata mdalayo anaima. Limbikani anafuna kupitirira, koma maso ake anagwera pachikwangwani.

Nsalu yoyera ija inali pansi, yopindidwa bwinobwino ngati ya patebulo la mgonero. Chingwe chinali chikadali pachikwangwani, mfundo zake zosamasula.

"Ndani wavundukula chikwangwani changa?" Mawu ake anatuluka opyapyala.

"Werenga," anatero mdalayo. "Pansipo. Pachiyankhulo chathu."

Penti yoyera inkawala mumdima. Limbikani anawerenga mokweza, monyada pang'ono, poti inali ntchito ya manja ake. "Tikujala eyiti koloko namulenji. Tikujula folo koloko namise."

"Werenganso."

Anawerenganso.

"Kujula n'kutsegula," anatero mdalayo. "Kujala n'kutseka. Mwana wa sitandade wanu amadziwa. Iwe walemba kuti m'mawa umatseka, madzulo umatsegula. Usana wawamana amoyo, usiku watipatsa ife. Ndi dzanja lako. Yewo, tawerenga." Anatembenuka koyamba kumuyang'ana. "Tabwera."

Tabwera?

Kuseri kwa zigafa wina anatsokomola. Chifuwa chakale, cha fumbi la fodya. Wina anayankha. Unyolo wa ngolo unalira, ngwee... ngwee... Chonsecho ng'ombe pafamupo panalibe!

Limbikani anapuma mwabefu, ndipo mpweya wake unatuluka ngati utsi m'kuzizira kuja. Anayang'ana pakamwa pa mdalayo.

Panalibe utsi.

Anaphethira. Mdala uja anali m'kati mwa chipata.

Loko anali chitsekere!

"Mayo..." Fayilo inagwa. Mapepala a pulogalamu ya mawa anamwazikana m'fumbi.

Mdalayo anagwira zitsulo za chipata ndi dzanja lake loduka zala, ndipo pamene anayankhula, mawu ake ananjenjemera ndi ukali.

"Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndinatsegula chipata pano, chikadali cha matabwa. Mzungu anali nkhalwe, ankatikwapula ngati abulu, koma maliro akamadutsa ankavula chipewa. Achipani ankatilanda nkhuku ndi mazira, koma khasu la adzukulu sanalitchingepo. Iwe wabwera dzana ndi wotchi pamkono, ukuti munthu alowe m'dothi potsata belu?"

"Ndi... ndi lamulo, bambo..."

"Analipanga ndani?"

 

"Ntchito yanga," ananong'ona Limbikani. "Akandipeza ndi maliro mawa... ntchito yanga itha."

"Tonse kuseriku tinali ndi ntchito."

Kumitengo ya bulugamu zinthu zinkayenda. Sanazione bwino. Zipewa. Mipango. Mapewa owerama. Zinaima m'mphepete mwa mdima, zonse zitayang'ana kuchipata. Zambiri. Zosapuma.

"Ine chitsulo ichi sichinditchinga, waona wekha," anatero mdalayo. "Koma amene ndikumudikira abwera pamapewa a anthu. Anthu salowa pa loko." Anatambasula dzanja pakati pa zitsulo, n'kuloza thumba la jekete. "Jula!"

Limbikani anabwerera m'mbuyo. Phazi limodzi. Lachiwiri. Kunyumba kunali pafupi, akanathamanga...

Phwa.

Kumbuyo kwake!

Sanacheuke. Sakanatha. Kuzizira kunamugwira pakhosi ngati dzanja lonyowa.

"Jula!"

Anapisa m'thumba. Kiyi anagwa. Anafufuza m'fumbi chogwada. Anamupeza. Anagwanso! Kachitatu kiyi analowa, ndipo loko anati khethe. Chipata chinatseguka chokha mbali zonse ziwiri, mwakachetechete, chonsecho masana chinkalira mahinjesi mpaka kumsewu.

Mdalayo sanathokoze. Anakonza khasu paphewa, n'kulunjika kuseri kwa zigafa. Phwa... phwa... phwa...

 Limbikani anakhala pansi, msana atatsamira mzati wa chipata, ndipo pomwepo n'pamene anachezera. Usiku wonse ankamva khasu likugunda nthaka. Khu... khu... khu... Silinapume, ndipo iye sanayerekeze kutseka maso.

Khasulo linasiya tambala woyamba atalira. Posakhalitsa kunamveka mawu a anthu mumsewu, anthu enieni, otsokomola ndi kupenga mamina. Anali Amock ndi adzukulu khumi, atanyamula makasu, mafosholo ndi zikwanje. Mmodzi anagwira chipulayala chachikulu chodulira waya. Anabwera okonzeka kumangidwa.

Ataona chipata chili yasa anaima. Ataona woyang'anira famu ali pansi, thalauza lili fumbi lokhalokha, milomo itachita mbuu, anayang'anana.

"Uwu ndi msampha wanji, a Kamwendo?" anafunsa Amock. "Apolisi mwawabisa kuti?"

"Kulibe apolisi. Lowani." Limbikani anadzuka chogwira mzati. "Mnzanu uja watsogola kale."

"Mnzathu uti? Tonse tili pano."

"Mdala wa chikhoti chakhaki. Wakumba usiku wonse."

 Onse analowa, Limbikani akuwatsatira m'mbuyo, mpaka pansi pa mitengo ya bulugamu. Kunja kunali kutayamba kuyera.

Pambali pa manda ena akale, udzu unali wolambula bwinobwino. Dzenje linali lolemba kale, lowongoka ngati analiyeza ndi chingwe, lokumba kufika m'mawondo. Dothi linaunjikidwa mbali imodzi, lonyowa. Mapazi a munthu panalibe.

Adzukulu anavula zipewa mmodzimmodzi. Wa chipulayala uja anachiika pansi mosamala.

Amock anatembenuka pang'onopang'ono. "Mdala ameneyo... manja ake munawaona?"

"Dzanja lina lilibe zala ziwiri."

"Jeke yodindira fodya inawadula, ine ndili wakhanda," anatero Amock, mawu akumuthawa. Analoza mtanda wachitsulo umene unali kumutu kwa manda akale aja. "Werengani. Apapa palibe Chitumbuka choti chikusokonezeni."

Limbikani anawerama. Zilembo zinali zadzimbiri koma zowerengeka. HEZRON MHANGO. 1929 – 1998.

"Adada," anatero Amock. "Mlonda wa chipata chija. Tinawaika ndi chikhoti chawo chomwe, anachita kutilamula."

 Limbikani ankayembekeza kuti Amock alira, kapena agwada kupemphera monga mkulu wa mpingo. Amock analiradi, misozi inatsika, koma nkhope yake inali ya munthu wofuna kumenya.

"Maola atatu, a Kamwendo!" anakuwa, mpaka mbalame zinabalalika m'mitengo. "Maola atatu tinakupemphani dzulo, anthu amoyo, pakamwa pathu, m'Chichewa chanu chomwe! Azimayi anakugwadirani! Simunamve. Mpaka adada adzuke m'manda, zaka zonsezi akupuma, adzakumbe okha dzenje la akazi awo, ndiye makutu anu atseguke? Ife amoyo ndife chiyani kwa inu?"

Limbikani anamasula wotchi pamkono n'kuiponya m'thumba. Anavula jekete, anatola khasu la mmodzi wa adzukulu, n'kutsikira m'dzenje muja.

Magalimoto a alendo anafika teni koloko ndendende, n'kupeza chipata chadzaza ndi anthu oimba. Anadikira kunja mpaka Ida NyaKumwenda atagona pambali pa mwamuna wake.